Kalata ya M'bokosi la Mango

Tembwadi, Devgad
6 Epulo

Dinu, mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa mkazi wako Shubhangi ndi kwa mwana wathu Ketaki. Ine kuno ndilipo, makutu okha ndi amene akupitirira kugontha. Ndiye usamataye ndalama kundiimbira foni, ndimangomva ngati wina akukazinga nsomba patali. Uzilemba kalata, manja uli nawo.

Bokosi loyamba la chaka chino ndi limeneli. Kalatayi ndaiika pansi pa udzu wa mpunga monga ankachitira Baba, chifukwa basi imafika ku Mumbai m'mawa mwake, pamene positi imayenda ngati ng'ombe yodwala. Ndikudziwa kuti uiwerenga patatha sabata, poti bokosi sitivundukula mango asanayambe kununkhira. Palibe chothamangira.

Uona kuti bango lililonse lili ndi kapepala komata. Ndi chizindikiro chija cha boma, chonena kuti awa ndi mango a Hapus enieni, olimidwa pa thanthwe lathu la m'mbali mwa nyanja, osati aja a kuseri kwa mapiri amene amaba dzina lathu. Ndamata ndekha limodzilimodzi mpaka zala kuuma. Mkulu wa ku bungwe la alimi anabwera, anaona pepala la malo, anawerenga mitengo yonse makumi anayi ndi iwiri, n'kulemba nambala. Ndinamufunsa kuti, “Nanga dothi simuliona? M'chitsime simusuzumiramo?” Iye anaseka, amvekere, “Mayi, ife timaona kumene bango labadwira. Za umoyo wa mtengo ndi zanu.” Pa pepala lawolo alembapo dzina lako, poti munda ndi wako chisainireni ine gawo langa Baba atamwalira, monga amachitira ana aakazi onse kuno. Ine ndine womata timapepala.

Maluwa atatuluka mu Januwale njuchi zinali zochita kuwerenga, chifukwa minda yotizungulira amaipopera mankhwala kakhumi ndi kawiri pa chaka. Ndiye ndinachita za Baba zija: mitu ndi matumbo a nsomba m'timadengu, kupachika m'nthambi kuti ntchentche zibwere zidzayende pa maluwa. Mudzi wonse unandida milungu itatu. Mkazi wa a Ghadi, anansi athu aja, anaima pa mpanda atagwira mphuno, akuti, “Vasanti, wafa ndani kumunda kwako?” Ine ndinati, “Kwanga sikunafe kanthu, yang'anani kwanu.” Pakamwa pangapa. Sindinayenera kutero, chifukwa mitengo yawo ikuumadi, ndipo a Ghadi sakudyanso bwino. Za zimenezi ndidzakuuza tsiku lina.

Mango a mzere wa pamwamba ndi a mtengo wako, uja Baba anadzala pafupi ndi mpanda wa miyala chaka chimene unabadwa. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, koma ukubereka kuposa mwini wake wa mwana mmodzi.

Mayeso a Ketaki atuluka? Undiuze. Ndipo ukapeza wobwera kuno umupatsire mafuta a mawondo aja, a botolo lobiriwira.

Ndine Tai wako,
Vasanti


Bhandup, Mumbai
21 Epulo

Tai, akulu anga,

Ndagwada pa mapazi anu. Tonse kuno tili bwino. Mango anapsa tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo fungo litangotuluka pa khonde anansi amene satipatsa moni chaka chonse anakumbukira kuti tilipo. Kalata yanu tinaipeza pamalo pake. Shubhangi waseka kwambiri za nsomba, koma za mwana mmodzi sanaseke.

Nkhani yabwino ndi iyi: Ketaki wakhoza, ndipo amupatsa malo ku sukulu ya unamwino ku Pune. Mwana wanu adzakhala namwino, Tai. Koma akufuna ndalama za chaka choyamba pofika pakati pa Juni, apo ayi malowo apatsa wina. Ku ntchito kwathu kosindikiza mabuku abweretsa makina atsopano, maola owonjezera anachotsa, ndipo akunong'onezana kuti ena atichotsa. Ndayesa uku ndi uku, mutu wangokula.

Sabata yatha ndinakumana ndi a Tawde ku msika waukulu wa zipatso. Ndi munthu wodziwika, amabwereka minda yambiri kwathuko. Atamva kuti munda wathu uli ndi nambala ya chizindikiro anandikhazika pansi n'kundigulira tiyi. Akufuna kuubwereka zaka zitatu. Kupopera, kulondera anyani, kuthyola, kutumiza, zonse ndi zawo, ndipo za chaka choyamba alipiriratu pompano. Inu mungopuma, mawondo anuwo apezeko mpumulo.

Mukudziwa khalidwe la Hapus, chaka chino kubereka, chaka chamawa kugona. A Tawde ali ndi mankhwala othira ku mizu nthawi ya mvula, oti mtengo uzibereka chaka ndi chaka, ndiponso mofulumira, mu Febuluwale momwe, mtengo wa bokosi usanagwe. Si zobisa, ngakhale alangizi amawadziwa. Dziko lasintha, Tai. Tili ndi chizindikiro tsopano, mango athu akufika m'masitolo a magalasi, sitingamapachikebe matumbo a nsomba m'mitengo.

Ngakhale pepala lili m'dzina langa, sindifuna kuchita kanthu kumbali kwa inu. Ngati muli ndi mawu, ndilembereni Meyi asanathe. Mukakhala chete nditenga kuti mwavomera. Mafuta a mawondo ndapatsira kondakitala wa basi pamodzi ndi kalatayi.

Ndine wamng'ono wanu,
Dinkar


Bhandup, Mumbai
9 Juni

Tai,

Ndagwada pa mapazi anu. Mvula yayamba kuno dzana, msewu wathu wasanduka mtsinje monga mwa chaka chilichonse. Kaya denga la kukhitchini munakonzetsa?

Bokosi lomaliza linafika bwino pa 16 Meyi. Zikomo kwambiri, amene anadya akuyamikirabe mpaka lero.

Meyi watha, ndinawonjezeranso sabata, koma kalata yanu sindinaione. Ndikukudziwani, Tai, chinthu mukachikana simusowa pepala ndi cholembera. Ndiye ndamvetsa kuti mwavomera koma zikukuvutani kunena, poti ndi munda wa Baba. Ndasaina Lolemba, ndipo ku Pune talipira. Ketaki anyamuka pa 20. Anafuna kubwera kudzatsazika koma nthawi yachepa, akuti adzabwera pa chikondwerero cha Ganpati atavala zoyera kuti mumuone.

Anthu a a Tawde afika kumeneko mu Julayi kudzayamba ntchito. Muwalandire bwino, muwaonetse malire a munda, ndipo ngati nkotheka muwapatseko tiyi. Basi siikuyenda bwino ndi mvulayi, ndiye iyi ndaponya pa positi.

Wanu,
Dinkar


Tembwadi
23 Julayi

Dinkar,

Moni ndikukupatsa chifukwa Amayi anatilera ndi mwambo, osati chifukwa mtima ukufuna. Shubhangi ndi Ketaki uwapatse moni weniweni.

Lachiwiri ndinapita ku Devgad kukaonetsa makutu. Pobwera masana ndinapeza galimoto pa mpanda wathu, amuna asanu ali m'munda ndi zigubu, ndipo Tawde ataima pansi pa ambulera ngati mkwati. Anali atamaliza kale mizere ya kumtunda, mitengo khumi ndi inayi. Amakumba timaenje kuzungulira tsinde, kuthira, kukwirira. Choyezera analibe, ankangopendeketsa chigubu.

“Mukutani m'munda mwa Baba?” ndinafunsa.

“Mayi, munda uno ndi wanga zaka zitatu,” anatero Tawde, akutulutsa pepala m'kajumbo. Anachita kundikuwira m'khutu, poti wina anamuuza kuti ndine gonthi. “Mlongo wanu anasaina. Dzina lanu lili pati apa? Tandilozereni.”

Ndinayang'ana. Dzina lako linalipo, ndi kamchira kaja umapinda kumapeto. Langa panalibe, ndipo sindikanalipeza pa pepala lililonse la munda umene ndautumikira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi chimwalirireni mwamuna wanga. Ndinapita pa mtengo wotsatira n'kukhala pansi m'matope, msana pa tsinde.

“Ndiye yambani kuthira pa ine.”

“Mayi awa mutu ukuyenda bwino?” anafunsa anthu ake.

“Mutu uli bwino, ndi makutu okha,” ndinamuyankha. “Ndiye lankhulani zonse zimene muli nazo, ine sindikumva.”

Antchito akewo anayamba kuseka chobisa. Kenaka a Ghadi anatsetsereka ndi ndodo yawo, akazi a m'mudzi ali pambuyo, ndipo aliyense anadzisankhira mtengo wake n'kukhala. Tawde anachoka akunena kuti abwera ndi apolisi.

Ndinakulembera, Dinkar. Ndinakuuza kuti Tawde yemweyu ndi amene anabwereka munda wa a Ghadi zaka zisanu n'kuwasiyira nkhuni. Unawerenga, unapinda, n'kukasaina, osandiyankha ngakhale mzere umodzi. Kusainako sikukundipweteka kwambiri ngati kusandiyankhako.

Atangochoka ndinatenga khasu ndi dengu. A Ghadi anati mankhwalawo amayamba akakamira dothi asanalowe m'mizu, ndiye ndinayamba kufukula dothi lothiridwalo n'kumakalitaya ku dzenje lokumbamo miyala, kuseri kwa phiri. Baba anasema thanthwe ili ndi nyundo, n'kulowetsa dothi limeneli ndi dengu pamutu kuchokera kudambo. Ine ndalitulutsa ndi dengu pamutu. Masiku atatu mvula ili pamsana, akazi anayi akundithandiza. Ndinayambira mitengo yoyandikira chitsime, chifukwa madzi amenewo amamwa anthu a nyumba zisanu ndi ziwiri. Mtengo wako uli kumapeto kwenikweni, ndinaufikira tsiku lachitatu dzuwa litapendeka, mvula itatsitsira kale zonse kunsi. Ndinalira pamenepo, sindikubisira.

Tsopano tamvera. Mankhwalawa akathiridwa Ogasiti atatha sagwira ntchito, Tawde akudziwa ndipo inenso ndikudziwa. Atsala masiku makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Ndizikhala m'munda tsiku lililonse kuyambira tambala woyamba, ndipo mitengo makumi awiri ndi isanu ndi itatu yotsalayo salawa ngakhale dontho. Umuuze mnzakoyo kuti apolisi akewo abwere ndi mpando, mawondo anga saimirira nthawi yaitali.

Vasanti

Ndisanamate envulopu, wapositi wafika ndi kalata yako ya pa 9 Juni, yonyowa, itagona milungu isanu ndi umodzi kutsidya kwa mlatho umene unamira. Ukuti ndinakhala chete? Kalata ya masamba atatu, Dinkar, pansi pa udzu m'bokosi lomaliza. Kapena mangowo munadya ndi kalata yomwe? Ndipo ukanafunadi yankho langa ukanaimbira a Ghadi, foni yawo imagwira akakwera pa thanthwe.


Bhandup
29 Julayi

Tai, alamu anga,

Ndine Shubhangi. Ndagwada pa mapazi anu. Chikwatiwireni sindinakulembereni kalata, ndipo ndikuchita manyazi kuti yoyamba ikhale iyi. Ketaki ali bwino ku Pune, akungodandaula za chakudya.

Bambo a Ketaki sanawerenge kalata yanu ya Meyi ija. Bokosi lomaliza silinalowe m'nyumba muno. Ku ntchito kwawo kunamveka kuti abwana akulemba mayina a anthu oti achotsedwe, ndiye ine ndinati, “Bokosi ili lili ndi chizindikiro, la mtundu umenewu kusitolo sitingaligule. Lipite kwa abwana, azikumbukira nkhope yanu.” Iwo anakana kawiri, kachitatu anangoti chita zimene ukufuna. Ndinalinyamula ndekha kuchokera pa siteji ya basi mpaka kunyumba kwa abwana.

Ndikanati ndinaiwala kuti mumaika kalata pansi pa udzu, koma likanakhala bodza. Ndinakumbukira ndili m'njira. Koma bokosi linali lomangidwa bwino ndi chingwe, ndipo mphatso yovundukula kale sioneka bwino. Ndinati mumtima, mwangokhala moni ndi nkhani za anyani. Nditabwerako sindinanene kanthu, ndipo pamene iwo ankadikira yankho lanu mwezi wonse, ine ndinangotseka pakamwa. Ndinkafuna kuti Ketaki apite, Tai. Zimenezo ndiye zoona.

Kalata yanu ya Julayi itafika ndinawauza zonse. Dzulo ndinavala nsalu yanga yabwino n'kupita kwa akazi a abwana. Ndinaima pakhomo ngati wopempha, ndikuti, “Pepani mayi, m'bokosi muja simunapezemo mapepala?” Anaganiza pang'ono, kenaka anakatsegula kabati ya kukhitchini. “Awa? Ndinawasunga. Chilankhulo chanu sindiwerenga, ndimayesa ndi malangizo a kapsetsedwe ka mango.” Anandifunsanso ngati chaka chamawa tidzawakumbukire.

Bambo a Ketaki awerenga kalatayo katatu. Mpunga wa dzulo sanaukhudze, wa lero m'mawanso ayi. Ine sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Ngati mukufuna wokwiyira, kwiyirani ine. Kalatayo ili pa tebulo pano, ikununkhirabe mango.

Mlamu wanu,
Shubhangi


Tembwadi
14 Meyi

Dinu,

Moni nonse. Ketaki umugwire mutu m'malo mwanga. Nditawerenga za Pune ndinapita kukachisi ndi kokonati, ndipo aliyense amene ndinakumana naye m'njira wamva kuti kwathu kukutuluka namwino, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Za Tawde yankho langa ndi ayi. Ndikulemba ndi zilembo zazikulu kuti usati sunaone.

Munda wa a Ghadi anaubwereka ndi iyeyo. Zaka zitatu zoyamba mitengo inabereka mpaka nthambi kuthyoka, a Ghadi anagula njinga yamoto, tonse tinachita nsanje. Chaka chachinayi masamba anayamba kutuluka aang'onoang'ono, opanikizana ngati nkhonya. Chachisanu nsonga zinauma. Tawde anati nthawi ya pangano yatha, n'kupita kukafuna munda wina. Mwezi watha ndinawathandiza kusenza nkhuni za mitengo isanu ndi inayi, yamsinkhu umodzi ndi ya Baba. Ndipo mpaka bokosi lomaliza, bango lililonse la m'munda umenewo linali ndi chizindikiro.

Ndinakafunsa kwa mlangizi kuti ndisakulembere za m'mutu mwanga. Akuti mankhwalawo amafuna kuyeza, kudumphitsa zaka, ndi kudyetsa mtengo manyowa kawiri kuposa kale. Tandiuza, munthu wobwereka zaka zitatu angasenzere manyowa mtengo umene sadzauonanso? Mtengo ukagona chaka si ulesi, umakhala ukubweza mphamvu. Baba ankaudikira, ifenso tiudikira.

Tsopano za Ketaki. Amayi anandisiyira zibangili zinayi zagolide. Mkazi wamasiye ngati ine ndikazivalira kuti? Ndinapita nazo kwa wosula golide ku Devgad, akuti zikwanira chaka choyamba ndi kupitirirako. Bwera udzatenge, kapena utume Shubhangi, pa basi sindingatumize. Za zaka zinazo tidzagulitsa mango tokha, ine ndizitumiza, iwe uziyenda nawo khomo ndi khomo kumeneko. Mapewa uli nawo.

Pepala la gawo langa ndinasaina tsiku la khumi ndi chitatu la maliro a Baba, osafunsa kanthu, chifukwa ndiwe mlongo wanga ndipo ndinkafuna kuti pakhomo pano pazikhala pako. Kuyambira tsiku limenelo sindinakupemphe chilichonse choposa mafuta a mawondo. Lero ndikupempha chimodzi: usasaine.

Tai wako,
Vasanti


Bhandup
8 Ogasiti

Tai,

Ndagwada pa mapazi anu, ngati mungandilole. Kodi mawondo ali bwanji ndi kukhala m'matope tsiku lonse?

Munanena zoona za foni ya a Ghadi. Nambala yawo ndinali nayo. Kawiri ndinaitsegula n'kuitsekanso, chifukwa ndinkadziwa chimene mukanayankha. Ndiye musaike zonse pa Shubhangi. Iye ananyamula bokosi, koma chete wanu amene uja ndinamufuna ndine.

Kwa a Tawde ndapitako katatu. Ulendo woyamba anandionetsa pepala n'kundilozera khomo. Wachiwiri anandidikiritsa maola atatu pakati pa mabokosi. Dzulo ndinawapeza atatopa. Akuti, “Mlongo wako uja ndi munthu wamtundu wanji? Anyamata anga akukana kubwererako. Akuti pa tsinde lililonse pali mayi amene akusankha mpunga, ndipo akawapatsa moni amayankha kuti ife tonse muno ndife agonthi.” Za apolisi sakuzinenanso, akudziwa kuti masiku akuwathera.

Tagwirizana chonchi: ndiwabwezere zonse zimene anapereka, ndipo mango a mitengo khumi ndi inayi imene anathira akhale awo chaka chimodzi chokhachi. Akatero pepala ling'ambidwa. Ndalamazo zili kale ku Pune, ndiye ndikubwera kudzapempha zibangili za Amayi, zomwe munandipatsa mu Meyi ine osadziwa. Sindikudziwa kuti ndidzakuyang'anani bwanji.

Sindidikira Ganpati. Ndifika Loweruka pa 13, ndapempha milungu iwiri, abwana afune asafune. Mpaka pepalalo litang'ambidwa ndizikhala nanu m'munda, mundisungire mtengo umodzi. Ndipo tikapita ku ofesi ya malo kukabwezera dzina lanu pa munda. Musakane, Tai. Munthu wina asadzakufunseninso kuti dzina lanu lili pati.

Dinkar


Tembwadi
20 Febuluwale

Dinu,

Moni kwa iwe ndi Shubhangi. Kalatayi ndaimata kunja kwa bokosi ndi ulimbo, ndipo ndalemba dzina lako mbali zonse zinayi. Ukaiphonya iyi ndiye kuti wofunika kuonetsa kuchipatala ndi iwe. Shubhangi umuuze kuti nsalu yake ndinalandira ndipo ndavala, asamatumizenso zina, nkhani ija inatha. Chithunzi cha Ketaki atavala zoyera ndachiika pafupi ndi cha Amayi. Za zibangili usandilemberenso, zinapita kumene ndinkafuna.

Pepala la malo latuluka. Dzina langa lili pansi pa lako, analakwitsa chilembo chimodzi koma ndi ine ndithu.

Mitengo ya kumunsi ili bwino. Chino ndi chaka chake chogona, ndiye maluwa ndi apo ndi apo, koma masamba atsopano atuluka ofiira, aatali ngati dzanja. Nsomba ndinapachikanso. Ulendo uno mitu ya nsombayo anandibweretsera ndi mkazi wa a Ghadi, atamanga nsalu kumphuno, akuti, “Tenga zonunkha zakozi, zotsala ndikapachika kwanga.” Ya kumtunda khumi ndi itatu inachita maluwa mofulumirirapo, koma ikuoneka kuti ipulumuka, dothi latsopano lija tinasenza ndi iwe lagwira.

Tsopano mtengo wako. Unachita maluwa mu Novembala, wokha m'mudzi monse, maluwa okhaokha mpaka tsamba osaoneka. Anthu odutsa ankaima n'kumati, taonani kukongola. Ine ndinkayang'ana kumbali. Wabereka kuposa chaka china chilichonse chibadwire chako, ndipo anthu a Tawde athyola dzana, mabokosi khumi ndi limodzi. Tsamba latsopano palibe. Nthambi zitatu za kumadzulo zauma, ukathyola kansonga kamangoti thyo. Ndathira madengu makumi awiri a manyowa, ndaphimbira mizu ndi masamba, ndikuthirira ndi mtsuko. A Ghadi anabwera, anauzungulira kawiri, anakanda khungwa ndi chala, n'kubwerera kwawo.

Mango ali m'bokosi ili ndi a mtengo umenewo. Ndachita kugula kwa Tawde, pa mtengo wa mu Febuluwale. Anadabwa, akuti, “Mayi, mukugula mango a m'munda mwanu momwe?” Ndinati, “Manga bokosi, sindikumva.” Uwaone bwino, onse ndi osalala, onse ali ndi chizindikiro. Palibe pamene palembedwa za nthambi zitatu zija.

Koma pali nthambi imodzi, ya mbali ya mpanda wa miyala, imene ikadali yobiriwira ndipo ili ndi maso ophukira. Ndaimangirira kansalu kofiira kuti aliyense asaikhudze. Ndiye umve bwino. Mango amenewa mudye nokha, bokosili si la abwana. Njere musataye. Muzitsuke, muzikulunge m'nsalu yonyowa, muzipatsire kondakitala sabata isanathe, chifukwa njere ya mango sichedwa kufa. Ndizifesa pamthunzi pafupi ndi chitsime, ndipo mvula ikadzayamba ndidzazimezanitsa ndi timphukira ta nthambi imeneyo. Zikagwira, zidzabereka patapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mawondo anga akhoza kudikira.

Kumtunda kwa mpanda kudakali thanthwe losasema. Nyundo ya Baba ndi chitsulo chake chosemera ndazipeza m'khola, ndapereka kwa wosula kuti anole. Mu Juni upemphe tchuthi, ubwere ndi nsapato zolimba.

Ndawerenga mango ndisanamange chingwe. Alipo makumi anayi ndi asanu ndi atatu. Njere zibwere makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu.

Tai wako,
Vasanti